Kandulo Yomaliza ya Nkhalamba

Mutu 7

1. Gwirani chanza ndi mtengo

Pa nazale ya mitengo ya pamwamba pa phiri, aliyense ankamutchula mtsikanayu kuti Phuma. Dzina lake lenileni linalipo, koma linkangogona m'kaundula wa kusukulu. Mwanayu sankadziwa kuyenda. Kotunga madzi, liwiro. Kusukulu, liwiro. Ukamutuma kanthu ankabwerako usanamalize kunena chimene ukufuna.

Phuma ankakhala ndi azakhali ake, amene ntchito yawo inali kukwera mitengo italiitali kukathyola mbewu. Anali mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Koma akamanga lamba m'chiuno n'kuponya chingwe pa nthambi, amuna onse a pa nazale ankasiya makasu n'kumayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa.

Mkulu wa nazaleyo anali bambo wokalamba wotchedwa a Magalasi, chifukwa m'khosi mwawo simunkachoka galasi lokulitsira zinthu.

Kuseri kwa nazale, pa chitunda, panali mtengo umene onse ankaunyadira. Ankautchula kuti Nkhalamba. M'mabuku mtundu wake umatchedwa fe, msuweni wa paini ndi mkungudza. Unali woongoka ngati mzati, nthambi zam'munsi zotambalala, zakumwamba zofupikirafupikira mpaka kukathera ku nsonga imodzi. Chilimwe, dzinja, iwo unali wobiriwira basi.

Ana akabwera kudzauona, a Magalasi sankayamba ndi zambiri.

"Gwirani chanza ndi mtengowu," ankatero. "Musaope, subaya. Masamba a paini amamera m'timitolo, koma a fe amamera lililonse palokha, aafupi, aphwatalala, ofewa. Tatembenuzani limodzi. Mwaiona mizere iwiri yoyerayo? Ndi mphuno zake zimenezo, umapumira momwemo. Tsopano litikiteni pa zala, mununkhize. Eya! Pali sopo amene amafika pamenepo?"

Ana ankaseka, iwo n'kupitiriza.

"Mtengo uwu ndi mwana wa kumapiri. Kuchigwa kotentha sungakhale. Umafuna mphepo yozizira, nkhungu ya m'mawa ndi dothi losauma. Kumaiko kumene kumagwa chipale chofewa, nthambi zake zimaweramira pansi kuti chipalecho chitsetsereke, zisathyoke. Ukakhala waung'ono umabisala mumthunzi wa aakulu, n'kumakula pang'onopang'ono, osapikisana ndi wina. Pa zaka khumi ukhoza kukhala waufupi kuposa iwe, Phuma. Koma mtengowu udzaona adzukulu a adzukulu ako."

Chodabwitsa kwambiri chinali zipatso zake. Za paini zimalendewera pansi. Za fe zimaimirira njo pamwamba pa nthambi, kunsonga kwenikweni kwa mtengo, ngati makandulo. N'chifukwa chake pa nazale ankangozitchula kuti makandulo.

2. Ulusi wofiira

Kale phiri lonselo linali la mitengo ya fe. Kenaka kunabwera moto wolusa, wa masiku atatu, ndipo mbali imeneyo kunatsala Nkhalamba yokha. Ina yowerengeka inapulumuka kutsidya kwa chigwa, pa maphompho osafikika.

Chaka chino tsoka linabweranso. Mphezi inang'amba khungwa la Nkhalamba kuyambira kumwamba mpaka pansi, ndipo masamba anayamba kufiira. A Magalasi anauzungulira mtengowo katatu, kenaka anavula chipewa.

"Sufika chaka chamawa," anatero. "Makandulo ali kumwambawo ndi omaliza."

Azakhali anakwera. Nthambi zinali zitayamba kuuma, ndipo ina inathyoka pansi pa phazi lawo, iwo n'kulendewera pa chingwe. Phuma anakuwa. Azakhali sanayang'ane n'komwe pansi. Anagwira nthambi ina, n'kupitiriza. Atatsika, manja ali magazi ndi utomoni, m'thumba munali makandulo asanu ndi anayi okha.

A Magalasi anawayala pa thandala la waya m'shedi yozizira bwino. Anawanyamula limodzilimodzi, kuwayesa m'dzanja. Asanu ndi atatu anali opepuka. Imodzi inali yolemera, yofiirira mokongola, utomoni ukunyezimira kunsonga. Imeneyo anaimanga ulusi wofiira.

Kenaka anaitana Phuma.

"Khala pansi, mdzukulu wanga. Ndati pansi, osati kuima ndi mwendo umodzi. Mtengo ukatsala wokha, mbewu zake zambiri zimakhala zopanda kanthu m'kati, chifukwa mungu wa mitengo inzake suufika. Opepukawa ndilibe nawo chikhulupiriro. Iyi ya ulusi wofiira inali pa nthambi yoyang'ana kutsidya, kumene kumachokera mphepo. Ngati Nkhalamba idzasiye ana, ali m'menemu.

"Tsono mvetsa. Kandulo ya fe siigwa pansi yathunthu ngati chipatso cha paini. Ikakhwima imaphwasuka yokha, mamba ake n'kuyoyoka limodzi ndi mbewu, pa nthambi n'kutsala kamtengo kapakati kokha. N'chifukwa chake azakhali ako amaika moyo pa chingwe, kuti aipeze isanaphwasuke. Apa tikuidikira kuti imasuke yokha, pa nthawi yake. Mbewu iliyonse ili ndi timatuza ta utomoni pakhungu. Ukaifinya, katuza kamaphulika, mbewu n'kufa. Usaigwire, usaisunthe, usaiike padzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamva?"

"Ndamva, agogo," anayankha Phuma.

Anamvadi. Koma makutu a Phuma anali ngati dengu lotungira madzi.

3. Wailesi

M'kalasi mwa Phuma munali mtsikana wotchedwa Wailesi. Simufunsa chifukwa chake. Akatsegula pakamwa m'mawa, ankatseka belu lowerukira litalira.

Lolemba aphunzitsi anauza ana kuti aliyense afotokoze za mtengo umene amaudziwa. Phuma anaimirira asanalozedwe, n'kufotokoza za Nkhalamba, za mizere yoyera, ndi za zipatso zoimirira ngati makandulo.

"Bodza!" anatero Wailesi. "Chipatso chimalendewera. Mango amalendewera, mapeyala amalendewera. Chako chokha n'chimene chimaima ngati msilikali? Ife tatola nkhuni m'phirimo chibadwire, sitinatolepo chipatso chotero."

"Sichigwa pansi! Chimaphwasukira kumwamba!"

"Ee, nanga! Chimaima, sichigwa, sichioneka. Mawa utiuza kuti chimaimba nyimbo."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsi anagogoda pa tebulo, koma zinali zitamulowa kale Phuma. Tsiku lonse ana ankati akamuona, n'kuima njo manja m'mbali, amvekere, "Ndine chipatso!" Zinamupweteka mwanayu, ndipo ananena poyera kuti mawa adzaona.

M'mawa mwake azakhali anali atalawirira kokonza zingwe. A Magalasi anali kothirira mbande. Phuma analowa m'shedi. Makandulo asanu ndi atatu aja anali atayamba kale kuyoyoka. Yathunthu inali imodzi yokha, ya ulusi wofiira.

Anaima pamenepo kanthawi, ndipo kwa Phuma kuima kanthawi ndi nkhani yaikulu.

"Ndikangowaonetsa basi," ananong'ona. "Masana ikhala ili pompano."

Anaikulunga m'juzi, n'kuiponya m'chikwama pamodzi ndi mabuku. Kenaka, monga mwa nthawi zonse, liwiro. Anatsetsereka phiri lonse, akudumpha miyala ndi mizu, chikwama chikumenya pamsana kuti phaphapha.

4. Timapiko m'kalasi

Kusukulu kunali kuchigwa, ndipo m'kalasi munkatentha ndi malata. Chikwama chinakhala pawindo, padzuwa, mpaka nthawi yopuma. Aphunzitsi atangotuluka, Phuma anakwera pa benchi.

"Bwerani nonse! Wailesi, khala kutsogolo, uone bwino!"

Anatulutsa juzi ija, n'kuifunyulula monyada pa desiki.

Kalanga! Kandulo panalibe. Panali mulu wa mamba, mbewu zili mbwee, ndi kamtengo kowonda kokhala ndi ulusi wofiira. Fungo la utomoni linadzaza kalasi yonse.

"Msilikali uja ndi ameneyu?" anafunsa Wailesi. "Koma ndiye waonda!"

Ana anaseka. Wailesi anatola mbewu imodzi n'kuiponya m'mwamba monyoza. Koma mbewuyo siinagwe ngati mwala. Inali ndi kaphiko kopyapyala, ndipo inatsika ikuzungulira, pang'onopang'ono, mpaka kukatera pamutu pa mtsikana wina.

Kuseka kunatha.

"Iii, koma ndiye zokongola," anatero Wailesi, ndipo aka kanali koyamba kuti alankhule motsitsa. "Phuma, tandipatsako ina."

"Inenso! Inenso!"

Manja makumi anayi anagwera pa desiki. Mbewu zinauluka m'kalasi monse. Zina zinatulukira pawindo, zina zinapondedwa, zina zinafinyidwa m'zikhatho. Aliyense ankaitana dzina la Phuma. Amene ankamuseka dzulo, lero ankamupempha. Zimene ankafuna zija zinali zitatheka, ndipo akanangokhala chete akanakhala mfumukazi ya kalasi mpaka kutsekera.

Koma anayang'ana zala zake. Zinali zomata ndi utomoni. Pa chala chachikulu panakanirira mbewu imodzi yophwanyika.

"Siyani!" anakuwa. "Siyani, mukupha ana a Nkhalamba!"

Anadzigwetsa pa desiki, kuphimba zotsalazo ndi thupi lake. Aphunzitsi analowa n'kupeza ana ali chiimire, timapiko tikuterabe pansi.

"Chikuchitika n'chiyani muno? Phuma, zimenezi wazitenga kuti?"

Akanatha kunena kuti anatola. Akanatha kunena kuti anapatsidwa. Phuma anadzuka, misozi ili chuchuchu.

"Ndaba, aphunzitsi. Ndaba m'shedi ya ku nazale. Mtengo wake ukufa, ndipo mbewu zabwino zinali zokhazi. Anandiletsa kuzigwira. Ndimafuna kuti asamanditchule wabodza."

Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ana.

"Aliyense aime pomwe alipo. Wosuntha phazi aona. Phuma, mbewuzi zimatoledwa bwanji?"

"Osati ndi zala. Zimaphulika. Mwina ndi pepala."

Ana anang'amba mapepala m'makope, n'kugwada. Ankalowetsa pepala pansi pa mbewu iliyonse ngati akunyamula dzira. Aphunzitsi anatenga thonje m'bokosi la mankhwala n'kuyala m'bokosi la mapensulo la Phuma. Wailesi anakwawa pansi pa mabenchi onse, ndipo kwa theka la ola sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Potsiriza anabweretsa mbewu zisanu ndi ziwiri.

"Ukanangondiuza kuti zimauluka," anatero, maso ali pansi. "Pepa."

5. Ulendo wautali

Aphunzitsi anamulola kuweruka msanga. Phuma ananyamula bokosi ndi manja awiri, pachifuwa, n'kuyamba kukwera phiri. Anayenda, phazi ndi phazi. Amayi ogulitsa pamsewu anafunsana ngati mwanayo wadwala.

Anapeza a Magalasi atakhala pa chitsa pakhomo la shedi, lezala lili m'manja. Pambali pawo panali mbewu zodulidwa pakati za makandulo asanu ndi atatu aja. Zonse zinali zopanda kanthu. Azakhali anaima chapatali, manja omangidwa mabandeji atawapinda pachifuwa.

Phuma anagwada, n'kuika bokosi pansi. Pamwamba pake anaika kamtengo ka ulusi wofiira.

"Ndine ndinatenga, agogo. Ndine, azakhali. Palibe anandituma."

A Magalasi anatsegula bokosi, n'kuika galasi pa diso. Mbewu iliyonse ankaitembenuza ndi nthenga ya nkhuku. Zophulika kumanzere, zamoyo kumanja. Mulu wa kumanzere unkangokula. Phuma ankafuna kuthawa, koma anakhala pomwepo mpaka mbewu yomaliza.

"Kandulo imeneyi inali ndi mbewu zoposa mazana awiri," anatero mkuluyo. "Zosavulala ndi makumi anayi ndi imodzi."

Anatenga imodzi n'kuidula ndi lezala. Anayang'ana, nayang'ananso, kenaka anamupatsa Phuma galasi lija. M'kati munali moyera, modzaza, ndipo pakati penipeni panagona kanthu kakang'ono ngati kaulusi.

"Ameneyo ndi mtengo," anatero a Magalasi. "Wautali kuposa nyumba khumi zosanjikiza. Wagona m'menemo."

Apa mpamene azakhali analankhula. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwana wa achimwene, tayang'ana manja angawa. Ine sindikwera mitengo chifukwa chosaopa. Ndimaopa tsiku lililonse. Chimene chimandisunga ndi chakuti sindisuntha phazi ndisanayese nthambi. Tsiku limene ndidzachite phuma kumwamba kuja, udzadya wekha. Iwe anzako anakuseka tsiku limodzi, ndipo unalephera kupirira. Nkhalamba yapirira moto, mphepo ndi chilala kwa zaka zoposa zana, osasuntha, kudikira kuti isiye ana. Zaka zonsezo iwe wazithamangitsa m'chikwama ngati mpira.

"Ukananena, bwenzi titaitana kalasi yonse kuno, adzaone ndi maso awo pa thandala. Safunsa anadya phula. Choona sichisanduka bodza chifukwa choti anthu akuseka. Chimadikira. Mbewu zimene zafazi zafa, madzi akatayika saoleka. Koma wabwera nazo zotsalazi wekha, ndipo wanena ndi pakamwa pako. Chimenecho ndachiona. Ndinakuonanso ukukwera phiri. Ndinayesa ndi mwana wa eni."

Phuma analira kwambiri, ndipo azakhali anamusiya kuti alire.

A Magalasi anabweretsa chitini cha mchenga wonyowa. Anayala mbewu makumi anayi zija m'menemo, n'kutseka ndi chivindikiro chobowola.

"Mbewu ya fe siimera isanagone m'chisanu," anatero. "Kuphiri imagona pansi nyengo yonse yozizira, ikatero mpamene imadziwa kuti nthawi yakwana. Ife timaigoneka m'firiji ya mu ofesi masabata anayi. Ikafunda tulo tisanathe, imachita chuku n'kuola. Chilango chako ndi ichi: chitinichi n'chako. M'mawa uliwonse uzidzaona ngati firiji ikuzizira ndiponso ngati mchenga uli wonyowa. Osafukula, osagwedeza, osasuzumira kawiri. Masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu."

"Mukundipatsa ine, agogo? Ine amene ndawononga?"

"Amene wapsa chala ndiye amadziwa moto. Tenga kiyi."

6. Tsiku lachisanu ndi chinayi

Phuma anasunga pangano. M'mawa uliwonse ankatsegula ofesi, kugwira mchenga ndi nsonga ya chala, kutseka firiji, n'kudula mzere pa kalendala. Loweruka Wailesi anakwera phiri kudzaona Nkhalamba. Anagwira nayo chanza, ananunkhiza tsamba, ndipo anafunsa a Magalasi mafunso ochuluka mpaka mkuluyo anathawira kothirira mbande.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, kunayamba chimphepo. Malata a shedi ankalira. Antchito anathamangira kukaphimba mbande, ndipo Phuma anali mu ofesi ndi azakhali, akukulunga zingwe.

Kenaka anamva kulira kwautali, ngati chitseko chachikulu chikutseguka. Pansi panagwedezeka. Makapu anagwa pa shelefu.

Anatuluka panja. Pa chitunda panali thambo lokhalokha. Nkhalamba inali itagona, mutu wake uli kumsewu, mizu ili m'mwamba. Fungo la utomoni linafika mpaka pakhomo la ofesi. A Magalasi anayenda pang'onopang'ono kukafika pa mtengowo, n'kuika dzanja pa khungwa lake.

"Wagwira ntchito, mnzanga," anatero. "Pumula."

Azakhali anagwira phewa la Phuma. "Tsopano Nkhalamba yonse ili m'chitini chako chija."

Phuma anatembenuka kuyang'ana ku ofesi, ndipo mpamene anazindikira kuti kuli chete mwachilendo. Firiji inali itasiya kulira. Pogwa, mtengo uja unadula mawaya a magetsi n'kugwetsa mapolo atatu. Mmodzi wa antchito anapukusa mutu n'kunena kuti okonza sangafike kuphiri kuno sabata isanathe.

Sabata yathunthu! Ndipo mbewu zinali zitatsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi a tulo.

Miyendo ya Phuma inanyamuka yokha. Anathamanga masitepe atatu kulowera ku ofesi, dzanja lili kale pa kiyi. Pa sitepe yachinayi anaima. Anabwerera, n'kukaima pamaso pa a Magalasi.

"Agogo, ndisanagwire kanthu. Tichite chiyani?"

Mkuluyo anamuyang'ana, kenaka anayang'ana azakhali, ndipo onse awiri anakweza maso kunsonga ya phiri, kumene nkhungu siichoka.

"Kumwamba uko kuli phanga lotuluka kasupe," anatero a Magalasi. "Madzi ake amapweteka mano ndi kuzizira. Mbewu zikhoza kukamalizira tulo m'menemo. Ine mawondo anga sangafikeko. Azakhali akowa pokwera thanthwe la kumeneko amafuna manja onse awiri, ndiye chitini sanganyamule."

Azakhali anali atayamba kale kufunyulula chingwe.

"Kavale nsapato zolimba," anamuuza Phuma. "Njira yake ndi yoterera, ndipo wothamanga sabwerako."